Anamopu, Owerenga Mapazi pa Khonde la Chipatala

Anamopu anabadwira kutali ndi msewu. Ali mtsikana ankaperekeza amayi awo odwala chifuwa ku chipatala chachikulu, ndipo kawiri konse anabwerera osaonana ndi dokotala chifukwa choima pa mzere wolakwika. Atakula, Mulungu anawapatsa ntchito yokolopa m'chipatala chomwecho, ndipo dzina limeneli analitola konko.

Chipatalacho chinkalandira anthu a m'zigawo zonse za dziko, aliyense ndi chiyankhulo chake. Zikwangwani zinalipo, koma si onse ankatha kuziwerenga, ndipo masana akakwana zenera lolembetsera odwala ankalitseka. Anamopu ankakolopa akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, maso ali pansi. Phazi limodzimodzi likadinda katatu pa simenti yonyowa, ankadziwa kuti mwiniwake wasochera. Ankatsamiritsa mopu kukhoma, n'kumugwira dzanja mpaka pa khomo loyenera. Mawu akuti “tiyeni” ankawadziwa m'ziyankhulo zisanu ndi ziwiri, zotsalazo ankamalizira ndi manja.

Akapitawo sizinkawasangalatsa.

“Mayi, tinakulembani yokolopa kapena yoperekeza alendo? Ndikadzapezanso mopu pakhoma inu palibe, ntchito yatha.”

“Pepani bwana, simentiyi idikira, koma zenera lija silidikira munthu.”

Mantha anali nawo ndithu, poti ana atatu ankadalira iwo okha, koma kusiya kunawakanika. Tsiku lina gogo amene anamuperekeza anapezeka kuti ndi apongozi a akapitawo omwewo, ndipo nkhani ya mopu inafera pomwepo. Anamwino akale amaseka mpaka lero akaikumbukira.

Anamopu atakalamba mtima unayamba kuwavuta, ndipo anagonekedwa mu wodi yoyang'anizana ndi khonde limene ankakolopa. Tsiku lotsiriza, masana atayandikira, namwino akuwakonzera pilo, Anamopu anatchera khutu.

“Mwanangu, mapazi awo adutsa kachitatu. Pita ukamuperekeze munthuyo.”

“Ndikusiyeni nokha, amayi?”

“Ine kumene ndikupita ndikukudziwa. Fulumira, asanatseke.”

Namwino anapeza bambo wina atanyamula mwana, ndipo anakawasiya pa zenera kutatsala mphindi zochepa kuti atseke. Pobwerera anapeza Anamopu atatisiya kale, manja ali pachifuwa, nkhope ikumwetulira.

Pa maliro awo ife a mumpingo tinasowa pokhala. Mabenchi anadzaza ndi anthu amene sitinawaonepo, aliyense akuthokoza Mulungu m'chiyankhulo chake.