Agogo Rabe Sanapite Kwawo

Anandilanda maliro a agogo Rabe. Aboma anawawotcha Lachiwiri m'mawa ine ndili m'kalasi, popanda ngakhale nyimbo imodzi.

Sanali agogo anga enieni. Anali nkhalamba ya ku Madagascar yokhala khomo loyandikana ndi lathu ku Bradford, ku Mangalande, khoma limodzi, moti akatsokomola tinkamva. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la mpunga wopserera, chifukwa ankasiya dala nkhoko zipserere pansi pa poto, n'kuthiramo madzi, n'kuwiritsa mpaka afiire ngati tiyi, ndipo kautsi kake kankalowa pansi pa chitseko chathu, kukwera masitepe ozizira aja, kudzandipeza ndikulimbana ndi homuweki. Tsiku lina mayi anawamvera chisoni, anatenga poto uja n'kumukwecha mpaka mbee.

"Amake Dalitso, mwanditayira tiyi wanga!" anadandaula agogo.

"Tiyi wa nkhoko, agogo? Kwathu zimenezo timapatsa agalu."

"Ndiye agalu akwanu amadya bwino kuposa inu."

Ali mnyamata anali msilikali wa pamadzi, pansi pa mkulu wa asilikali amene anadzakhala pulezidenti wa sosholizimu wa dziko lawo. Chithunzi cha mkuluyo, atavala yunifolomu yoyera, chinali pakhoma pamwamba pa hita yotenthetsera m'nyumba. Ankandiuza kuti munthuyo analanda mabanki m'manja mwa Afalansa, analamula kuti ana aziphunzira m'chinenero chawo, kenako mpunga unasowa, ndipo iwo ankaima ndi mfuti pasitolo ya boma kuletsa amayi anjala kukankhana pamzere. Mkuluyo atagwa komaliza n'kuthawira kunja, agogo anathawanso.

"Ndiye osachitaya bwanji chithunzichi?" ndinafunsa ndili ndi zaka khumi. Pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko.

"Iwe, ankafuna kuti mwana wa mlimi akhute ngati mwana wa nduna. Analephera, ndipo anthu anavutika. Koma ine ndinamukhulupirira. Ndikamutaya, unyamata wanga ndiuika kuti?"

Lamlungu lina anaitana mayi, ineyo, ndi a Phiri, mkulu wa kutchalitchi kwathu. Anatulutsa nsalu ya silika m'sutikesi. Anati kwawo munthu amagona m'manda amiyala a banja lake, ndipo pakapita zaka abale amatulutsa mafupa, kuwakulunga m'nsalu yatsopano, n'kuvina nawo. Wogonekedwa kutali ndi wotayika.

"Mudzandikulunge umu, munditumize kwathu."

"Tamva, agogo," anatero a Phiri. "Mboni ndife. Mawu a munthu wamkulu sagwa pansi."

Tinadya mpunga, nkhani inathera pomwepo. Palibe amene anaganiza zolemba. Kwathu munthu akalankhula pamaso pa anthu atatu, zatha.

Anamwalira kuchipatala ine ndili ndi zaka 17. Kuofesi yoona za maliro a anthu opanda abale, mayi wina waulemu wake anatifunsa ngati ndife achibale, ndiponso ngati agogo anasainapo pepala lililonse. Ndinati ndine mdzukulu wawo. Anapempha umboni. Ndinayamba kukweza mawu, koma mayi anga anandifinya mkono, chifukwa nkhani yathu yopempha kukhala m'dziko muno inali isanathe ndipo ankanjenjemera ndi ofesi iliyonse. A Phiri, mboni yathu ija, anali pa shifiti.

Sukulu ndinaisiya sabata yomweyo. Musandifunse zambiri.

Nditapita kuofesi kuja kachitatu anandipatsa phulusa m'chigubu chapulasitiki, cholemera ngati paketi ya mpunga. Ndinachikulunga m'nsalu ija monga ananenera, ngakhale mafupa ovina nawo mulibe. Chili pamwamba pa wadirobu m'kachipinda kanga ku Wakefield, kumene ndimanyamula makatoni. Dzina la mudzi wawo ndinaliloweza. Pasipoti ndilibe, poti nkhani yopempha kukhala m'dziko muno ija sinathebe. Ine ndi agogo tikudikira kalata imodzi yomweyo.