Zimene Ankamanga Kuseri kwa Malona

Chaka chimene mliri wa kolona unafika, ndinali nditatha zaka zitatu ku Discovery Gardens mumzinda wa Dubai, ndikugwira ntchito yapakhomo kwa banja lina lachimwenye. Kachipinda kanga kanali moyandikana ndi khitchini, ndipo tsiku langa lopuma linali Lachisanu. Panali chinthu chimodzi chimene abale anga ku Ntcheu sankachimvetsa ndikamawafotokozera pafoni. Ndinkakonda kwambiri masitima a m'mwamba a kupaki yamasewera, aja amathamanga panjanji zokhotakhota munthu n'kumazondoka mutu pansi.

Zinayamba mosayembekezera. Tsiku lina banja lonse linapita kupaki ina imene ili kupitirira Jebel Ali, ine n'kutengedwa kuti ndizinyamula chikwama cha madzi ndi matawulo. Mwana wawo wamkazi ankafuna kukwera koma osati yekha. Madamu anakana, abwana anati msana, ndiye onse anatembenukira kwa ine. Ndinakwera ndikupemphera chamumtima. Titatsika, kuseka kunkangobwera kokha, ndipo ndinafunsa ngati zimaloledwa kukweranso. Kuyambira pamenepo, miyezi ingapo ikadutsa ndinkadzipititsa ndekha kupakiko.

Ndinali ndi anzanga awiri amene tinadziwana kutchalitchi. Mmodzi anali wa ku Chipata, msinkhu wanga, woluka tsitsi m'saluni ina. Ameneyo pakamwa pake panalibe chipata. Ankati anakwerapo chilichonse chimene chimauluka mu Dubai muno, ngakhale kuti kupaki sitinapitepo limodzi. Wina anali mayi wachikulire wa ku Mulanje amene ankalera ana amapasa kwa banja lachiluya. Tonse tinkangowatchula kuti Amayi. Iwo kupakiko anali atapitako kambirimbiri, koma malo awo anali pabenchi, kulondera kangolo ka ana ndi nsapato.

M'bindikiro utayamba, paki inatsekedwa, matchalitchi anatsekedwa, saluni ya mnzanga nayo inatsekedwa. Kupita kugolosale kunkafuna chilolezo cha pafoni. Lachisanu langa linasanduka tsiku lokhala pabedi n'kumamvera makina ochapira akuzungulira. Atatufe tinapanga kagulu kapafoni kuti tizitumizirana mavesi ndi nkhani za kumudzi. Nkhanizo zambiri sizinali zabwino. M'miyezi yomweyo malume anga anamwalira, ndipo maliro awo ndinawaonera pafoni ya mchemwali wanga, chithunzi chikuduka ndi kubwerera.

Patangopita masiku ochepa chichitikireni malirowo, mnzanga wa ku Chipata anatumiza chithunzi chimene sichinali vesi. Panali mpanda wautali wokutidwa ndi malona obiriwira, ndipo pamwamba pake pankaoneka makina atatu aatali onyamulira zitsulo. Anati ndi kupaki kwathu kuja. Ngakhale zitseko zinali zotseka, amisiri ankamangabe chinachake mbali ya kuchipululu, ndipo eni paki sananene kuti n'chiyani. Iye anali atapeza gulu lina pa intaneti la anthu okonda mapaki, azungu, Afilipino, amwenye ndi Aluya, amene ankangokhalira kukangana za malona amenewo. Ena ankawerenga mizati ya konkire pazithunzi zojambulidwa ndi oyendetsa mabasi. Wina anakulitsa chithunzi cha lole mpaka kuona mtundu wa penti wa katundu amene inanyamula.

Ndinaseka koyamba chimwalirireni malume. Kenako ndinakulitsa chithunzicho nanenso.

Kuchokera tsiku limenelo mavesi ankabwera m'mawa, masana kunali mlandu wa malona. Ine ndinkati akumanga sitima yaitali kuposa zonse, chifukwa mizati ija inali yotalikirana ndipo wina unali wautali kuposa anzake. Mnzanga ankati ayi, ndi bwato lotsetsereka m'madzi, poti anthu anaona matanki a madzi akulowa. Ndinamuuza kuti konkire imafuna madzi, iye n'kundiyankha kuti kodi ndinayamba liti kukhala foromani. Amayi anatisiya tikangane masiku atatu, kenako anatumiza mawu awo, kumbuyo kukumveka amapasa akumenyanirana chidole.

"Atsikana inu, akumanga zimbudzi ndi mthunzi. Ine ndakhala pabenchi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikudziwa chimene chikusowa kumeneko."

Tinawaseka, koma iwo sanasunthe. Tikatumiza chithunzi chatsopano ankangoyankha liwu limodzi lakuti zimbudzi.

Ndinayamba kujambula maganizo anga kuseri kwa kalendala yakale. Ndinkaika mizati pamene inali pachithunzi, kenako n'kulumikiza ndi bolopeni kuti ndione njira imene sitima ingadutse. Masana ena madamu anandipeza ndawerama pathebulo la m'khitchini, anyezi ali pambali osadula. Ndinaganiza kuti andikalipira. Iwo anatenga kalendala ija, anaizunguliza, n'kufunsa kuti chinali chiyani. Nditawafotokozera anakhala pampando. Nawo anali atatopa ndi misonkhano ya pakompyuta ndi ana ophunzirira pabalaza. Anayang'ana zithunzi zonse m'foni mwanga, ndipo anati ine ndi anzanga tonse talakwa, chimenecho chikhala chigudumu chachikulu chozungulira pang'onopang'ono, chimene munthu wanzeru angakwere osataya chakudya. Anadula anyezi aja iwo eni uku tikutsutsana. Pazaka zitatu zonse aka kanali koyamba kuti tikambirane nkhani imene sinali ya sopo, ana kapena zovala. Kuyambira pamenepo, m'mawa akamatenga tiyi ankafunsa ngati kumalona kwatuluka zatsopano.

Zatsopano zenizeni zinabwera ndi msuweni wa mnzanga uja. Bamboyo ankawotcherera zitsulo m'shedi ina ku Al Quoz, n'kumagona ku Sonapur, ndipo tsiku lina anatchula mongodutsa kuti akupinda mapaipi a paki inayake. Lachisanu lotsatira tinamuimbira pavidiyo tonse atatu. Anatiyankha atakhala pabedi lake lapamwamba, anzake akusuzumira kumbuyo. Ataona kuti akazi atatu akumvetsera chilichonse chotuluka m'kamwa mwake, anayamba kudzikoka. Anati za ntchito saulula. Kenako anati mapaipiwo ndi onenepa ngati mkono wa munthu. Tinamunyengerera, ine ndikumuti achimwene, Amayi akumuti mwanangu, mpaka anawonjezera kuti ndi opindika ngati nyanga za ng'ombe ndipo akupakidwa penti ya olenji. Titafunsa kuti mapaipiwo agwira ntchito yanji anayankha m'chilankhulo cha kwawo, "Ine nipinda chabe. Vinangu ni va ba injiniya."

Kwa ine umenewo unali umboni wokwanira. Mapaipi opindika akanakhala chiyani kupatula njanji? Ndinatenga kalendala n'kupaka njira yanga yonse ndi kirayoni ya olenji ya mwana wa madamu. Mnzanga anaiwala za bwato lake kwa kanthawi, n'kukalemba m'gulu la pa intaneti lija kuti munthu wodalirika wa mkati wamuuza kuti njanji zikhala za olenji. Anthu anamuyankha ambirimbiri. Ena anamupempha zithunzi, wina anamujambulira sitima yonse pakompyuta. Kwa sabata yathunthu iye anali munthu wamkulu, ndipo ankatiwerengera mayankhowo ndi mawu a wowerenga nkhani pawailesi. Nthawi imeneyo n'kuti akugona chipinda chimodzi ndi akazi ena asanu, osadziwa ngati saluni idzatsegulidwanso. Pambuyo pake anandiuza kuti ankadzuka m'mawa n'chidwi chofuna kuona kuti ndani wamutsutsa.

Zinthu zinayamba kutseguka pang'onopang'ono. Saluni inatsegulidwa, paki nayo inatsegulidwa, koma malona anakhalabe pomwepo miyezi ina yambiri. Tinabayitsa katemera, chilimwe chotentha cha kuno chinabwera n'kupita, ndipo mlandu wathu unkazirala n'kuyakanso lole ikangoonedwa pageti. Kenako, nyengo yozizira itayamba, eni paki analengeza kuti mbali yatsopano yatsegulidwa. Tinapangana kuti pasapezeke woonera zithunzi za anthu ena. Mnzanga anatuluka m'gulu lija kwa masiku anayi, zimene kwa iye zinali ngati kusala kudya.

Lachisanu limenelo tinakumana pasiteshoni ya sitima ya metro, kenako tinakwera basi. Amayi anavala diresi lawo la kutchalitchi ndi duku. Pageti anatiloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha, anatithira mankhwala m'manja, n'kutikumbutsa kuti masiki asatsike pamphuno. Tinadutsa zonse zakale osayang'ana kumbali.

Choyamba kuona pamene panali malona paja chinali mapaipi a olenji. Analipo ambiri, opindika bwino ngati nyanga za ng'ombe, ndipo anali atanyamula denga la nsalu pamwamba pa njira imene anthu amaima pamzere. Pambali pake panali nyumba yatsopano yoyera, khomo lina la abambo, lina la amayi.

Amayi anaima, anayang'ana denga, anayang'ana nyumba ija, kenako anatiyang'ana ife. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anagwira paipi imodzi kuti asagwe. Mnzanga anati msuweni wakeyo asadzamuonenso, ndipo ankadandaula kuti akauza chiyani anthu a pa intaneti.

Tili m'kati moseka, pamwamba pathu panadutsa chimkokomo ndi kukuwa kwa anthu. Kuseri kwa denga lija kunali sitima. Njanji zake zinali zabuluu, ndipo mipando inkalendewera kunsi kwa njanjizo, miyendo ya anthu ikupalasa m'mwamba. Inakwera pa mzati wautali uja, inagwa, inazondoka kawiri, kenako inadutsa pamwamba pa kadziwe kamene kankaponya madzi. Mnzanga ataona madziwo anati nayenso wapambana. Tinagwirizana kuti woluza ndi madamu okha.

Tinaima pamzere, aliyense pa kachizindikiro kake kopakidwa pansi. Mthunzi unali wabwino, ndipo Amayi anatikumbutsa zimenezo kangapo. Pamene tinkayandikira kutsogolo ndinaona kuti mnzanga wasiya kulankhula. Sitima ikadutsa ankaitsatira ndi maso, dzanja lili pachifuwa. Titatsala pang'ono kufika anati mutu ukumuwawa, ndipo wina ayenera kutsala kuti asunge zikwama. Ndinamufunsa za zonse zija ankati anakwerapo. Anayang'ana pansi n'kunena kuti anakwerapo tiakavalo tozungulira tija, kamodzi.

Ndinkaganiza kuti ndikwera ndekha. Koma Amayi anavula chikwama chawo n'kumukoleka mnzanga m'khosi. Anavulanso masandasi n'kumupatsa, kenako anamanga duku lawo mfundo ziwiri.

"Amayi, mukutsimikiza?" ndinawafunsa.

"Ana a eni ndawaonerera mokwanira. Tiye, mwanangu."

Ogwira ntchito anatikhazika mosiya mpando umodzi pakati, monga ankachitira masiku amenewo. Chitsulo chotchinga chitatsika pamapewa, Amayi anatambasula dzanja kudutsa mpando wopanda munthuwo n'kugwira langa. Pokwera ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Pamwamba penipeni ndinaona chipululu mbali imodzi, nyumba zazitali zili mbuu kutali, ndipo mapazi a Amayi opanda nsapato ankalendewera pamwamba pa zonsezo. Kenako tinagwa. Ndinamva akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale, ine ndikukuwa osadziwa chimene ndikunena. Pozondoka kachiwiri masiki yawo inakwera n'kuphimba maso, ndipo kulira kuja kunasanduka kuseka. Madzi a padziwe anatiwaza kumapazi.

Titatsika anakhala pansi kaye, duku lili pambali. Mnzanga anathamangira kudzawapepesa ngati kuti ndiye anawakankhira. Amayi anapuma, anakonza masiki, n'kumuuza kuti apereke zikwamazo kumalo osungira katundu chifukwa tikubwereranso tonse atatu. Iye anakana, anati ali ndi ana ku Chipata. Amayi anati iwo ali ndi zidzukulu, ndipo anamugwira pamkono ngati mmene amagwirira amapasa powolotsa msewu. "Yalla, tiye," anatero, ndipo mnzanga anatsatira.

Anakwera maso ali otseka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akutchula abale ake mmodzimmodzi. Titatsika anati sadzabwerezanso, khalas, zathera pomwepo. Tili pabasi pobwerera ndinamuona akulemba m'gulu lija, kufotokozera anthu mpando umene uli wabwino kwambiri.

M'mawa mwake ndinadzuka mawu atatheratu. Nditati ndipereke moni panangotuluka kamphepo ndi kachifuwa. Madamu anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, anavala masiki, n'kundituma kukayezetsa tsiku lomwelo. Ndinayesa kuwafotokozera ndi manja kuti ndi kukuwa chabe, koma masiku amenewo panalibe amene akanamvera zimenezo. Ndinakhala m'kachipinda kanga masiku awiri kudikira zotsatira. Madamu ankandisiyira tiyi wa jinja ndi mpunga pakhomo, n'kugogoda, n'kuthawa. Ndinagona masana, ndinaonera mavidiyo, ndinadya chakudya chophika munthu wina. Amayi anatumiza uthenga kuti khosi lawo lauma ndipo akutembenuka thupi lonse ngati loboti, koma abwana awo akuganiza kuti anagonera pilo woipa.

Zotsatira zinabwera Lolemba m'mawa kuti ndilibe matenda. Ndinatsegula chitseko n'kupeza mulu wa zovala zofuna kusita utafika m'chiuno, ndipo ndinayamba ndi mayunifolomu a ana.