Tsiku Limene Alamu Anaphika Mbewu Yanga

Linali Lachinayi lotsatila Pasaka, 11 koloko ya m'mawa. Nthawi ndiikumbuka chifukwa wailesi ya pa sitolo ya kumsewu inali itangoitchula pamene ndinkakhota kulowa njila ya kwathu, mwana ali kumbuyo, tikuchokela kusikelo. Ndisanafike pakhomo ndinamva fungo la anyezi, lambili ngati lapamsika.

M'khitchini ndinapeza alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene akhala ku Lusaka ndipo anali atabwela dzana lake kudzacheza. Anakhala pa kampando kanga atavala epuloni yobwela nayo m'chikwama, ngati kuno kulibe zitenge. Amuna anga anaima pambali atagwila foni m'mwamba kuti asisi awo aziona bwino. M'fonimo munali mzungu wachipewa choyela akudula anyezi. Pansi panali beseni langa, lodzaza kale.

Ndinayang'ana kutsindwi. Pa zingwe ziwili za anyezi zimene ndinapachika, panatsala chimodzi.

Anyezi ameneyo sanali wakudya. Amai anga ku Kaumbwe ankalima anyezi wofiila, wolimba, woyabwa m'maso, amene sawola msanga. Pokwatiwa kuno ku Nyimba anandipatsa njele zake zomaliza m'kabotolo ka mankhwala, pakuti iwo anali atasiya dimba chifukwa cha miyendo. Ndinafesa zonse, ndinakolola mu Okutobala, ndinasankha mitu ikuluikulu n'kuimanga ndi luzi pamwamba pa moto kuti utsi uziisunga. Mvula yonse ndinkakwela pamtondo Loweluka lililonse kuitembenuza ndi kuchotsa yofewa, ngakhale pamene ndinali ndi pakati potopa. Masiku amene tinkadya chiwawa, masamba a maungu, cha mchele wokha sindinathyoleko ngakhale umodzi. Mitu yotelo imabzalidwa kukayamba kuzizila, imachita maluwa, ndipo m'maluwamo ndimo muchokela njele za chaka chamawa. Panatsala masabata awili okha kuti dimba liume ndikabzale.

"Wabwela, mulamu?" anatelo alamu osatembenuka. "Goneka mwana ubwele uphunzileko. Lelo muzalawa supu ya anyezi, osati zanu za masiku onse."

"Ndi wa mbewu," ndinatelo. Ndiganiza anamva ndi mwana yekha kumbuyo.

"Wakamba chiyani?"

"Anyezi uyo. Ndi wa mbewu."

Anaseka mpaka mpeni anauika pansi. "Mbewu? Mulamu, masiku ano mbewu ili m'mapaketi. Nizakutumizila pa basi, awili olo atatu."

Amuna anga nawo anaseka, mochedwelako pang'ono, atayamba aona kuti asisi awo aseka.

Wa m'paketi ndimamudziwa. Amakula ngati chibakela, woyela, wamadzi, ukafika Disembala wasanduka phala. Za pa basi ndizidziwanso. Shawelo imene alamu anati atumiza mwana atangobadwa, basi yake sinafike mpaka lelo. Koma zonsezi ndinazinena mumtima. Ine kwathu ndinaleledwa kuti kwa eni mudzi suyankha kawili, ndipo pamaso pa anthu osukulu lilime langa limalemela. Ndinagoneka mwana pamphasa n'kugwada pafupi ndi mbaula.

Chimene chinandiwawa kwambili ndi mtondo umene ndinaupeza utaima pansi pa tsindwi. Alamu ndi nsapato zawo zija sangakwele pamtondo. Anakwela ndi amuna anga, munthu amene khitchini itayamba kudontha mu Januwale anati msana ukuwavuta. Ankadziwa bwinobwino kuti anyezi uja ndi wa chiyani. Tsiku lina anafuna mutu umodzi wothila m'kapenta, ndinawakaniza, anakwiya mpaka madzulo.

Alamu anathila theka la chitini cha majalini mu poto yanga yaikulu, n'kukhuthulilamo beseni lonse. Kenako anandipatsa mthiko.

"Uzitakasa pang'onopang'ono. Usapseleze, usasiye. Afunika afiile ngati uchi."

"Mpaka liti, alamu?"

"Mpaka nikuuze. Mzungu akuti ola lathunthu."

Ola lathunthu kukazinga anyezi. Ola limenelo ine ndimakhala nditatunga madzi, nditachapa matewela, ndiwo zili pamoto. Mbaula inadya malasha kawili. Alamu anati utsi ukuwalowa m'maso, anatuluka kukakhala pansi pa mango, amuna anga n'kuwatsata ndi foni. Ndinatsala ndekha, kutakasa miyezi yanga isanu ndi umodzi ikusungunuka mu poto. Beseni lodzaza lija linafota, linafota, mpaka linatsala kadzanja kamodzi kofiila pansi pa poto. Nthawi ndi nthawi alamu ankafuula ali panja: "Mulamu, osagona!"

Atabwelanso anathilamo msuzi wa mafupa a ng'ombe amene anawilitsa m'mawa. Nyama yake anaiwula n'kuiika pambali, akuti siilowamo. Anadula buledi wogula ku boma, anamuwamba pamakala, n'kuyamba kudandaula kuti Nyimba yonse ilibe chizi. Anafunsa ngati tili ndi mbale zakuya zoyela. Tinalibe. Anapuma mozama, ngati munthu amene watumidwa kukagwila ntchito kutchile.

Apongozi anga anafika cha m'ma 1 koloko kuchokela kokumba nsawa, dothi lili m'miyendo. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja. Alamu anawaikila kutsogolo mbale ya supu, buledi akuyandama pamwamba, ndi supuni.

Apongozi anayang'ana mbale, anayang'ana mwana wawo. "Kodi ndadwala ine?"

"Iyai amama, ni chakudya ichi. Ku mahotela achilipila ndalama zambili."

"Nanga nsima yake ili kuti?"

"Kulibe nsima. Mungomwa chabe."

"Buledi uyu wagwelamo, kapena mwamuika dala?"

Ndinaluma mlomo n'kuyang'ana mwana. Apongozi anavundula ndi supuni, kufunafuna ngati muli kanthu kena pansi, ndipo atasowa anamwa kawili. "Mwathila shuga?"

"Ni anyezi yeka uyo, amama. Mukamuphika bwino amatsekemela."

"Anyezi mwamupeza kuti wambili chonchi?"

Apongozi anasuzumila m'khitchini, anakweza maso kutsindwi, kenako anayang'ana ine. Ndinaganiza kuti tsopano anena. Koma pakhonde panali paketi ya shuga ndi chitenge chatsopano zochokela ku Lusaka. Anangoti, "Hmm," n'kupitiliza kumwa.

Amuna anga ndiye anamwa mbale ziwili. "Asisi, apa mwaphika. Ngati ku hotela ndithu." Hotela imene iwo analowamo ndi ya pa siteshoni ya basi, ya nsima ndi nkhuku. Patapita kanthawi ndinawaona kuseli kwa nkhokwe akukukuta chimanga chootcha.

Inenso ndinalawa. Sindinama, inali yokoma. Inatsekemela, inanunkhila, ndipo nditameza ndinamva njala monga mmene ndinalili ndisanalawe. Madzi okoma. Mbewu ya dimba lonse, malasha a masiku awili, majalini wa mwezi, kuti anthu anai amwe madzi n'kumayang'anana. Pomaliza ndinaphikabe nsima ndi nyama ija inaikidwa pambali, ndipo alamu sanakane.

Tikutsuka mbale, kapena ndinene kuti ine ndikutsuka iwo ataima, anati, "Ya lelo inali yoyesela chabe. Mailo masana kuzabwela amai a ahedi a pasukulu na anzawo awili, ninaphunzila nawo. Tizaphika anyezi uja watsala. Uzatakasa iwe, uli na dzanja labwino."

Ndinati, "Ee," chifukwa ndi liwu limene limatuluka lokha.

Madzulo dzuwa likulowa ndinapeza amuna anga akumanga mbuzi. Ndinayang'ana uku ndi uku kaye.

"Atate ake mwana, chingwe chatsala chija muwauze asisi achisiye."

"Iwe, anyezi chabe?"

"Ndi chomaliza. Chikapita, mbewu ya amai anga yatha."

"Niwauze bwanji? Aitana kale anthu. Ufuna achite manyazi pamaso pa amai a ahedi?" Anamanga mfundo, anaimasula, anaimanganso. "Pilila. Mlendo ndi mame."

Mame sindinawaonepo akudya anyezi. Ndinawasiya ndi mbuzi zawo. Ndinalingalila zopita kwa apongozi, koma iwo anali atanena kale zonse zimene akanatha kunena. Ndinalingalila zobisa chingwe m'nkhokwe, ndinaona kuti amuna anga akangofunsidwa adzaloza ndi chala. Malo amene alamu sakanafikako ndi nsapato zawo anali amodzi okha, ndipo kunali kusanaume. Anyezi ukamuika m'dothi lonyowa kwambili amatha kuwola asanaphuke. Koma mu poto samaphuka n'komwe.

M'mawa mwake ndinadzuka kukungoyela. Ndinayamwitsa mwana, ndinamubeleka, ndinakokela mtondo pansi pa tsindwi n'kudula luzi. Mitu inalipo khumi ndi inai. Ndinaiika m'dengu, ndinatenga khasu.

Potuluka ndinapeza alamu ali pakhonde, akutsuka mano ndi madzi a m'botolo. Anaona dengu. Anachotsa mswachi m'kamwa.

"Mulamu, uyenda nawo kuti anyezi?"

Sindinagwade.

"Kudimba."

"Nanga alendo anga?"

"M'munda muli maungu, alamu."

Anaitana dzina la mlongo wawo kawili. Amuna anga sanatuluke. Ine ndinali nditadutsa kale pa khola.

Kudimba madzi anali akadali m'ngalande, matope ofika m'akakolo. Ndinasankha kumtunda, pafupi ndi nthochi, ndinaunda mzele wautali kuposa masiku onse kuti madzi azitsika. Ndinapita kumtsinje katatu kukatapa mchenga ndi dengu lomwelo, n'kuusakaniza ndi dothi. Mwana anadzuka, analila, ndinamuyamwitsa nditakhala pa mpini wa khasu. Kenako ndinakumba timaenje khumi ndi tinai, ndinaika mutu uliwonse mizu pansi, khosi likuonekela pang'ono, n'kutchinga mzele wonse ndi minga kuopa mbuzi.