Zitenje zanu, Anambewe

Anambewe, lero chatha chaka. Tsiku lathu lomaliza ndinkakuperekezani panjinga ku ntchito yanu ya uzamba. Pafupi ndi njanji ku Nkaya tinapeza mayi atachirira m'njira, mwana osalira. Munatsika njinga isanaime. Mayiyo analibe nsalu, ndiye munamasula chitenje chanu n'kuyamba kumupukuta mwanayo kumsana mwamphamvu. "Bambo a Tamanda, musangondiyang'ana! Vulani malaya, akuzizidwa uyu!" Ndinavula n'kukupatsani. Mwana anali zii, mayi ake akungofunsa kuti, "Anesi, ali moyo?" Munapitiriza kupukuta mpaka mwanayo analira.

M'mawa mwake munagwa muli pantchito, simunadzukenso. Abale atabwera kudzagawana zovala zanu, ndinapempha zitenje zokha. Dzulo ndinakazisiya kuchipatala kwanu kuja, kuti mayi wobwera wopanda nsalu asasowe chomufunditsa mwana.