Dzanja lamanja ndi limene linadina

Mwana wanga Joana, Mulungu amudalitse, amakonza masamba a pa intaneti kuno ku Cuamba. Mu kompyuta yake, imene amaitchula kuti seva, ankasungamo pulogalamu ziwiri zoyendetsera masambawo zotchedwa PHP, yakale ndi yatsopano. Anandichenjeza kuti, “Mayi, tsamba la alimi a ku Mitande limayenda ndi yakaleyo basi. Musakhudze.”

Tsiku lina iye ali kumsika, ndinkapukuta fumbi patebulo, kompyuta n'kuwala. Inafunsa m'Chipwitikizi ngati ichotse zakale. Ine wolekeza kalasi yachinayi ndinadziona wophunzira. Ndinati zakale ndi zinyalala, n'kudina “Sim”, kutanthauza kuti inde.

Tsambalo linafa sabata yomwe alimi ankalembetsa mbewu.

“Mayi, simunagwirepo apa?”

“Ine? Ndimapemphera kolona, mwanangu.”

Kolonayo inalidi m'dzanja langa lamanzere. Lamanja ndi limene linadina.

Alimi anamulanda ntchitoyo n'kupatsa wina. Joana anati, “Ndine wosasamala, mayi,” ine n'kumamusisita msana osachita manyazi. Mpaka lero ndimamupempherera kuti apeze ntchito ina, iye n'kumandithokoza. Kwa bambo mfumu ndinaulula kalekale. Joana yekha ndimangomuwonjezera ndiwo m'mbale.