Beseni la alamu anga

Amuna anga ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri pa Likhubula, ndipo mapazi awo ndiwo ankatidyetsa. Chaka china anayamba kudandaula dzanzi. Ankati zala zikubayabaya ngati aponda linthumbu, kenako phazi lonse limangoti zii, ngati la munthu wina. Tsiku lina anatsika phiri ndi patapata mmodzi, osadziwa kuti winayo watsala m'njira.

Ine ndinati tipite kuchipatala. Koma kwathu kuno mwamuna akadwala, mkazi amasanduka mlendo, eni ake amatulukira. Anatulukiradi, aliyense ndi udokotala wake. Atsibweni awo anati alakwira mizimu ya m'phiri, chonsecho iwowo phirilo amangolionera pamsewu. Mkulu wina wa kutchalitchi anati ndi kachasu, kunena munthu amene ngakhale thobwa logonera salilawa. Pa Chonde panali bambo wa botolo lochiza dzanzi, chifuwa ndi kusabereka, zonse botolo lomwelo. Koma amene anapambana mlandu anali alamu anga, achemwali awo aakulu. Iwo anati mchimwene wawo waponda mankhwala otcheredwa ndi munthu wansanje, ndipo ponena mawu akuti wansanje ankayang'ana ine.

Alamuwo anawakweza pa kabaza n'kupita nawo kwawo ku Limbuli kuti akawathowe. Ine ndinatsala kaye kuti ndipeze wondisungira ana, n'kuwalondola mawa lake.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pampando, mapazi onse ali m'beseni la madzi obiriwira ndi masamba. Alamu anali chilili, ketulo ili m'manja, nkhope ngati ya munthu amene anapita kusukulu ya zimenezi.

"Mukumva, achimwene?"

"Ayi, sizikumveka."

"Ndiye kuti mankhwala sanafike." Anathiranso madzi a m'ketulo.

Umo ndi mmene timathowera: wodwala ndiye amanena kuti kwatentha, basi. Mwambowo ndi wabwino kwa munthu wobinya mwendo. Koma kufunsa munthu wa dzanzi ngati akumva kutentha! Matenda ake ndi omwewo, kusamva, ndiye iwe ukudikira kuti akuwe. Anthu onse anali pamenepo, atsibweni, azisuweni, oyandikana nawo, panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza zopisamo chala.

Ndinapisamo ine. Ndinachichotsa msanga, n'kukankha beseni lija ndi mwendo.

"Mukutaya mankhwala, inu amayi," anatero alamu. "Tinkadziwa kale kuti simukufuna achire."

Ine ndinkayang'ana mapazi. Khungu linali litayera n'kutupa matuza, ndipo amuna anga ankawayang'ananso modabwa, ngati akuona zochitikira munthu wina. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imeneyo ndimapsa mtima.

Kuchipatala, dokotala anati dzanzi limabwera ndi zambiri: mowa, msana wopanikizika ndi katundu, chakudya chopereŵera m'thupi, ngakhale mankhwala ena. Anawabaya chala n'kuyeza magazi. Anali matenda a shuga, ndipo anali atadya kale mitsempha ya kumapazi. Anati shugayo angathe kumuweta, koma zilonda za munthu wa shuga sizipola msanga. Phazi lakumanzere linapola. Lakumanja linada, linanunkha, mpaka analidula.

Amene amanyamula katundu kukwera naye phiri ndi mwendo umodzi sindinamuonepo. Ine ndinakalowa ntchito yothyola tiyi.

Mukuganiza kuti madokotala a ku Limbuli aja anachita manyazi? Atsibweni anati mizimu yatenga gawo lake. Alamu anabwera kudzazonda titatuluka m'chipatala, n'kumati achipatala amangothamangira mpeni, mankhwala akanaloledwa kufika mwendo ukanakhalapo. Kenako anamasula kathumba. Munali masamba omwe aja, a phazi lotsalalo.

Ndinawalandira ndi manja awiri. Ndinaŵiritsa madzi, n'kuthira m'beseni pamodzi ndi masambawo, n'kuliika patsogolo pawo.

"Yambani inu, alamu. Vulani nsapato. Ine ndizikufunsani ngati mukumva."

Anayang'ana nthunzi, anayang'ana mchimwene wawo, kudikira kuti andikalipire. Amuna anga sakonda mikangano, ndipo moyo wawo wonse anali asanawayankhepo achemwali awo. Tsiku limenelo anakoka phazi lawo n'kulibisa pansi pa mpando.

"Achemwali, latsala limodzi. Ndisiyireni."

Alamu anamanga kathumba kawo n'kumapita osatsanzika, ndipo kwawo anakafalitsa kuti ndinawadyetsa amuna anga. Anene zimenezo, sizindisowetsa tulo.

M'maŵa uliwonse ndisanapite ku tiyi, amuna anga amakhala pakhonde, anzawo akale akudutsa ndi zikwama za alendo kuloŵera kuphiri. Ine ndimagwada, n'kunyamula phazi lija, kulitembenuza, kuyang'ana kunsi ndi pakati pa zala ngati pali minga kapena kabala. Madzi osambitsira ndimayamba ndawayesa ndi dzanja langa. Sindiwafunsa ngati akumva.