Ndodo ya Amama pa Dothi Lofiira

Puloti yathu ya ku Chalimbana inali yotsetsereka moti lalanje likagwa kumtunda mumakalitola kwa aneba. Amuna anga, amene amalawirira ku Lusaka pa minibasi, anali atagamula kale kuti timange motsatira mtunda, masitepe akhale pakati pa nyumba. Ine ndinakanitsitsa. Amama anali atangodwala sitiroko, mwendo wamanzere ankachita kukoka, ndipo tinkamanga kuti adzakhale nafe. Masitepe akanawatsekera m'chipinda chimodzi ngati nkhuku yofungatira. Ndinati pansi pakhale pathyathyathya, ndiye mbali yakumunsi, mkati mwa maziko, panafunika dothi lofika m'chiuno.

Woyendetsa lole ya tipa anabwera ndi dothi lakuda la kudambo.

"Ba mayo, iyi ni yabwino maningi, ipezeka pafupi," anatero.

Ndinatapako, n'kulinyowetsa, ndipo linamata m'manja ngati phala ladzulo. Ine ndinakulira m'dimba. Dothi lotere dzinja limafufuma, chilimwe limang'ambika.

"Iyi ni yolimapo repu, ba draiva, osati ya nyumba. Nifuna ija yofiira ya tumiyala."

Anabwerera nalo akung'ung'udza.

Lofiiralo litafika, amisiri ankafuna kulikhuthula lonse n'kungopondaponda pamwamba. Apa tinakangananso. Mapeto ake tinkayala pang'ono, kuchindikala kwake ngati chikhatho, kuwaza madzi, kenako kusinja ndi chitini cha penti chodzaza simenti, chozikamo mpini. Mapewa ankachita kuyaka. Ndinkapsera mtima aliyense, ngakhale amuna anga, amene Loweruka ankasinja nawo atavala nsapato za ku ofesi.

Amama ankakhala pampando pansi pa msuku. Tikamaliza kusinja ndinkawagwira mkono n'kupita nawo, iwo n'kumabaya dothi ndi ndodo yawo yoyendera.

"Apa pakali pofewa," ankatero. "Musinja monga simunadye."

Ndodo ikangolowa, tinkabwereza. Amisiri anayamba kuwatchula kuti ba inispekita, ndipo iwo dzinalo analikonda. Ine ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi mantha. Mkono umene ndinkagwirawo unkapepukirapepukira, ndipo ndinkadzifunsa ngati ndi makani angawa sindikuchedwetsa nyumba imene mwina sadzagonamo.

Tsiku limene dothi linafika pa chingwe cha muyezo chimene amisiri anamanga, ndinakweza Amama cha kumtunda monga mwa masiku onse. Anabaya kamodzi, ndodo inakana. Anabayanso. Kenako anasansa dzanja langa.

"Nisiye."

Anayamba kuyenda okha, mwendo uja ukukwekwereza, ndodo ikulira go! go! ngati pathanthwe. Amisiri anasiya mafosholo. Amama anadutsa podzakhala pabalaza, n'kukaima pangodya yakumunsi, pamene kale ngakhale mbuzi inkatsika chammbali.

"Chipinda changa chizankhala apa," anatero. "Leta mpando."

Ndinathamangira kumsuku kukatenga mpandowo, misozi ili chuchuchu. Chidwalireni, aka kanali koyamba kuti Amama afike kumene akufuna popanda dzanja langa.